Za Kulimbitsa Thupi kwa Amai Odwala Khansa ya M'mawere

Mudzi wa Mlowe uli m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, m'boma la Rumphi, m'dziko la Mfumu Mwamlowe. Kumbuyo kwake kuli mapiri atali, ndipo malo athyathyathya a pakati pa phiri ndi madzi ngochepa. Anthu a kumeneko sadziwa kukhala chabe: amuna ali ku usipa, akazi ali ku munda wa chinangwa, ku mtondo, ku thandala la nsomba, ku nkhuni. Tsono mai wa ku malo otere akabwera ku chipatala atamchotsa bere chifukwa cha khansa, abale ake amakumana ndi funso lobvuta. Kodi agone kapena adzuke? Kodi mkono wa mbali ya bala augwiritse nchito kapena ausunge?

Mayankho amene amamveka m'midzi ndi awiri. Loyamba limachokera m'chifundo. Apongozi ndi alamu amayala mphasa pa khonde, nati: "Gonani amai, musakhudze kanthu, madzi titunga ndife, nsima tiphika ndife." Wodwalayo amagona sabata, mwezi, miyezi itatu, mkono uli chimangire m'chitenje pa chifuwa. Lachiwiri limachokera m'umphawi. Ana ali ndi njala, chinangwa chakhalitsa m'madzi, palibe wina woti achibvuule. Ndipo bala lisanapole n'komwe mai uja ali kale pa njira, ndowa yodzaza ili pamutu. Mayankho onse awiri ngolakwa, koma loyambalo ndilo lobvuta kulitsutsa, popeza olipereka ndi anthu okonda wodwalayo, ndiponso kwa zaka zambiri madotolo enieni ankalangiza chomwecho.

CHIMENE MPHASA IMACHITA PA THUPI

M'chaka cha 1966, mu mzinda wa Dallas ku America, akatswiri a za thupi adapempha anyamata 5 a zaka 20, athanzi ndithu, kuti agone pa bedi masabata 3 osadzuka. Atawadzutsa adapeza kuti mphamvu ya mtima ndi mapapu ao yatsika kupitirira gawo limodzi mwa magawo anai. Patapita zaka 30 adawaitananso anthu omwewo, ali madoda a zaka 50, nawayesa kachiwiri. Zimene adapeza n'zododometsa: masabata 3 a pa bedi aja adafooketsa matupi ao koposa zaka 30 za kukula.

Ngati zidatero ndi anyamata opanda nthenda, nanji mai amene wataya magazi pa opaleshoni ndipo akulandira mankhwala aukali? Mnofu wosagwira nchito umafota, mfundo yosapindidwa imauma. Odwala khansa ali ndi kutopa kwao kwa mtundu wina, kumene sikutha ndi tulo: munthu amadzuka m'mawa ali wolema monga adagonera. Atatopa chotero amagonanso. Akagona mnofu umafota. Mnofu ukafota kanchito kakang'ono komwe kamamtopetsa, ndipo amabwerera pa mphasa. Mwa njira zonse zimene madotolo ayesa pothetsa kutopa kumeneku, kuyenda ndi kulimbitsa thupi kwapezeka kuti kumathandiza koposa mapiritsi.

MKONO WOTUPA

Mantha a anthu pa mkono ali ndi pochokera pake. M'thupi muli timitsempha tina, tosiyana ndi ta magazi, timene timatunga madzi otsalira m'minofu ndi kuwabwezera ku magazi. Pa njira yao madziwo amasefedwa m'timibulu ta m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche, timene tikatupa anthu amati mwanabere. Khansa ya m'bere ikayamba kuyenda imafika poyamba m'khwapa. N'chifukwa chake dotolo pochotsa bere amachotsanso anabere a m'khwapamo. Ngalande ikadulidwa madzi amasowa kolowera. Motero pafupifupi mai mmodzi mwa asanu amatupa mkono, mwina patapita miyezi, mwina zaka. Madotolo amatcha kutupaku lymphoedema.

Mu 1894 dotolo William Halsted wa ku chipatala cha Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore adalongosola opaleshoni yake yochotsa bere, minofu ya pa chifuwa ndi anabere a m'khwapa pamodzi. Amai ambiri ochitidwa opaleshoni yotere adatupa mikono, ndipo padakhazikika langizo lakuti mkonowo usanyamule cholemera, usagwire nchito yobwerezabwereza, kwa moyo wonse. Langizolo linkamveka lanzeru, ndipo lidakhala zaka pafupifupi 100 popanda munthu woliyesa kuti aone ngati n'loona.

Amene adaliyesa mwa njira yoti munthu wa ku nyanja angaimvetse msanga ndi dotolo Don McKenzie wa pa Yunivesite ya British Columbia ku Vancouver, m'dziko la Canada. Mu 1996 adasonkhanitsa amai 24 amene adadwalapo khansa ya m'mawere, nawaphunzitsa kupalasa bwato lalitali la mpikisano, la mtundu wochokera ku China, limene limapalasidwa ndi anthu 20 potsata ng'oma. Adasankha dala nchito imeneyi chifukwa ndiyo yeniyeni imene amaiwo adaletsedwa: kukweza mkono, kumiza nkhafi, kukoka mwamphamvu, kambirimbiri. Koma sadawapatse nkhafi tsiku loyamba lomwelo. Adayamba ndi kuwongola mapewa ndi kulimbitsa mikono pa mtunda, ndipo adawatsitsira ku madzi mphamvu itabwera. Chaka chomwecho amaiwo adapikisana nao pa chikondwerero cha mabwato cha mu mzindawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene mkono wake udayamba kutupa chifukwa cha kupalasako. Gulu lao adalitcha Abreast in a Boat, ndipo magulu onga lomwelo adafalikira m'maiko ambiri. Ku Mlowe kupalasa bwato kawirikawiri n'kwa amuna. Komabe msodzi aliyense amadziwa kulemera kwa nkhafi nthawi ya mwera, ndipo angathe kudziweruzira yekha ngati mkono umene udachita zimenezo uli woyenera kumangidwa m'chitenje.

Amai 24 ngochepa, ndipo madotolo adafuna umboni wokulirapo. Mu 2009 Kathryn Schmitz wa pa Yunivesite ya Pennsylvania adaulutsa zimene adapeza pa amai 141 amene mikono yao idali itatupa kale. Theka lao adanyamula zitsulo kawiri pa sabata kwa chaka chathunthu, atabvala nsalu yothina yopanikiza mkono, kuyambira pa zopepuka zedi ndi kumawonjezera pang'onopang'ono. Theka linalo sadanyamule. Mwa osanyamulawo, 29 mwa 100 alionse kutupa kudawabuka kwakuti adasowa chithandizo chapadera. Mwa onyamulawo kudabuka kwa 14 okha. Mkono wolimba umapirira. Chimene chimapweteka mkono ndi katundu wobwera mwadzidzidzi pa mnofu wosakonzeka, ndipo amene wagona miyezi itatu nadzuka tsiku limodzi kukasenza ndowa ndiye ali pa ngozi koposa onse.

MASABATA OYAMBA

Kudzuka kumayamba m'chipatala momwemo, m'mawa mwake mwa opaleshoni, anamwino akalola. Wodwala apume mozama kangapo, ayende pang'ono m'chipinda, afumbate dzanja ndi kulitambasula, apinde chigongono, akweze mapewa ndi kuwazungulitsa. Pamene kapaipi kotulutsa madzi a m'bala kakadali m'thupi, ndiye kuti sabata yoyamba kapena awiri, mkono usakwere kupitirira phewa.

Kapaipi kakachoka ndipo bala likatsekeka, yafika nthawi ya khoma. Mai aime moyang'ana khoma la nyumba, aike zala pamenepo, naziyendetse chokwera monga amakwerera nyerere, kufikira atamva kukoka m'khwapa. Aime pomwepo kanthawi akupuma bwino, kenaka atsitse. Achite chomwecho ataima cham'mbali. Kukoka n'kwabwino, ululu wobaya ndiwo chizindikiro chakuti wapitirira. Mwana alembe ndi khala pamene zala zafika, ndipo pakatha sabata mzere watsopano udzakhala pamwamba pa wakale. Katatu pa tsiku n'kokwanira. Ena amamva ngati chingwe chomangika kuchokera m'khwapa kutsikira ku chigongono; chimenechi chimadziwika bwino kwa madotolo, ndipo chimamasuka ndi kuwongola komweku.

Pali chifukwa china chimene phewa siliyenera kuuma. Amai ambiri akachotsedwa bere amafunikanso kuwotchedwa ndi cheza cha makina, chimene chimatchedwa radiotherapy. Kwa zaka zambiri makina otere munalibe m'Malawi, ndipo odwala ankatumizidwa ku maiko akunja. Adayamba kupezeka ku Blantyre mu 2024 ndi ku chipatala cha khansa cha boma ku Lilongwe mu 2025. Pa makinawo wodwala amagona chagada, mkono uli pamwamba pa mutu, osagwedezeka. Mai amene wagulitsa mbuzi, nakwera phiri la Chiweta, nadutsa Mzuzu mpaka kukafika ku Lilongwe, angathe kuchedwa kuyamba chithandizo chifukwa chakuti mkono wake ukukana kukwera. Mzere wa khala pa khoma uja ndiwo umamkonzera ulendo umenewu.

MASIKU A MANKHWALA A M'DIRIPI

Mankhwala aukali olowa m'mitsempha, otchedwa chemotherapy, kawirikawiri amaperekedwa kamodzi pa masabata 3 alionse. Kale palibe amene akadalota kuti munthu wolandira mankhwala otere n'kuchita masewera. Koma mu 1989 Mary MacVicar ndi Maryl Winningham a pa Yunivesite ya Ohio State adaonetsa, pa kafukufuku wa amai 45, kuti amene adapalasa njinga yoima malo amodzi katatu pa sabata kwa masabata 10 mphamvu zao zidakwera ndi magawo 40 pa 100, ali pa mankhwala pomwepo. Mu 2007 kafukufuku wa amai 242 ku Canada adapeza kuti olimbitsa minofu adatha kulandira magawo pafupifupi 90 pa 100 a mankhwala amene dotolo adawakonzera, pamene ongokhala adalandira 84. Kutsiriza mankhwala pa nthawi yake ndi nkhani ya moyo.

Masabata atatuwo safanana. Masiku oyamba ndi a nseru ndi kulefuka. Pamenepo mphindi 5 kapena 10 za kuyenda pa bwalo, m'mawa ndi madzulo, n'zokwanira, ndipo tsiku lina wodwala sadzatha n'komwe, popanda mlandu. Kuyambira cha pa tsiku la 7 mpaka la 14 asilikali a m'magazi amakhala atachepa kwambiri. Kuyenda kupitirire, koma kutali ndi chinamtindi cha anthu ndi odwala chifuwa. Ndipo thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, abale asangoti ndi malungo a ku nyanja n'kumudikira kuti kuche. Apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, atanyamula kabuku kake kosonyeza mankhwala amene akulandira. Kusambira m'nyanja, ngakhale kuti kumathandiza phewa, kudikire bala litapoleratu ndi mankhwala atatha, chifukwa madziwo ali ndi tizilombo, ndipo m'malo ena muli likodzo. Sabata yachitatu mphamvu imabwerera, ndipo ndiyo nthawi yotalikitsa ulendo.

Akatswiri amene adakumana pansi pa bungwe la American College of Sports Medicine adalangiza mu 2019 kuti mphindi 30, katatu pa sabata, pamodzi ndi kulimbitsa minofu kawiri pa sabata, zimachepetsa kutopa ndi nkhawa. Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse mu 2020 lidaika mphindi 150 pa sabata monga muyeso woyambira kwa munthu wamkulu. Liwiro lake silisowa wotchi. Ngati mai akutha kucheza ndi mnzake akuyenda koma sangathe kuimba nyimbo, ndiye kuti ali pa liwiro loyenera. Ngati mau akuduka, achepetse. M'miyezi yotentha ayende dzuwa lisanakwere, atamwa madzi.

Mankhwala ena ali ndi mabvuto akeake. Ofiira aja otchedwa doxorubicin nthawi zina amafooketsa mtima. Choncho kupweteka pa chifuwa, phuma losazolowereka, chizungulire kapena kutupa mapazi ndi zifukwa zolekera pomwepo ndi kukauza dotolo. Paclitaxel amachititsa dzanzi m'zala ndi m'mapazi, ndipo phazi ladzanzi pa njira ya miyala yokwera phiri limagwetsa munthu. Wotere abvale nsapato, atenge ndodo, ayende ndi mnzake pa malo osalala. Mnofu sumangika ndi kondowole yekha. Usipa, nyemba, mtedza ndi mazira ndizo zomangira zake, ndipo wodwala asakhale womaliza kugawiridwa ndiwo.

KODI NCHITO YA PAKHOMO SI YOKWANIRA?

Malangizo ambiri a m'mabuku adalembedwera anthu okhala pa mipando tsiku lonse. Mai wa ku Mlowe angafunse moseka kuti: "Kodi ine wolima ndi wosinja ndiyambenso masewera?" Funsolo lili ndi nzeru, pakuti ulendo wa ku munda ndi kuyenda ndithu, ndipo munsi umalimbitsa mkono monga chitsulo. Koma nchito imasiyana ndi kulimbitsa thupi pa zinthu ziwiri. Nchito imatha pamene mzere watha kapena mtondo wapsa, osati pamene thupi lanena kuti basi. Ndiponso nchito zambiri za mai, kulima, kuchapa, kuphika, kusesa, zimamweramitsa kutsogolo, pamene chipsera cha pa chifuwa chimafuna kutambasulidwa cham'mwamba ndi cham'mbuyo. Wobwerera ku khasu asaleke khoma.

Kubwerera ku nchito zolemera kukhale ngati kukwera makwerero, ndipo kusayambe asanathe masabata 4 kapena 6 chichitikire opaleshoni. Madzi ndiwo sikelo ya wosauka: lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Botolo la theka la lita ndi theka la kilogalamu. Mai alinyamule ndi mkono wa bala, kulikweza kutsogolo, cham'mbali, kenaka pamwamba, kakhumi, apume, abwerezenso kakhumi. Achite zimenezi kawiri kapena katatu pa sabata, kusiya tsiku pakati. Botololo likayamba kupepuka ndipo mkono sukulemera m'mawa mwake, atenge la lita imodzi, kenaka la malita awiri, kenaka chigubu cha malita 5. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo chobvuta chake chachikulu ndi kuitukula kuchoka pansi kufika pamutu; imeneyo ili pamwamba penipeni pa makwerero, patapita miyezi, ndipo poyamba ikhale ya theka, wina atamsenzetsa. Munsi ndi khasu zibwerere chimodzimodzi, kanthawi kochepa lero, kotalikirapo sabata yamawa. Akadukiza masabata angapo chifukwa cha malungo kapena ulendo, ayambirenso pa zopepuka.

Mkonowo uziyang'aniridwa. Mphete kapena chibangili chikayamba kuthina, dzanja likamamveka lolemera kapena lodzaza, achepetse katundu nakaonetse ku chipatala, pakuti kutupa kogwidwa msanga sikubvuta kukuletsa. Chingwe chopimira mkono pa malo amodzimodzi kamodzi pa mwezi chimaulula zimene maso saona. Khungu nalo lisamalidwe: munga wa kampango, mpeni wotumbulira nsomba, khala la moto, zonsezi zimatsegulira tizilombo khomo pa mkono umene alonda ake adachotsedwa. Kabala kalikonse katsukidwe ndi sopo nthawi yomweyo. Mkono ukafiira, ukatentha, thupi n'kutenthanso, n'zofunika mankhwala tsiku lomwelo.

Pali amai ena amene makwerero amenewa sali ao. M'Malawi ambiri amafika ku chipatala nthenda itakula, ndipo khansa ya m'bere imakonda kusamukira m'mafupa, makamaka a msana, a m'chiuno ndi nthiti. Fupa lotere limathyoka ndi katundu wochepa. Ululu wa msana kapena wa m'chiuno wosatha, wokula usiku, uyenera kupimidwa munthu asanasenze kanthu pamutu kapena kugwira munsi. Miyendo ikayamba kufooka, kapena mkodzo ukamatuluka wokha, ndi ngozi yofuna chipatala mosataya ola. Komabe ngakhale odwala otere kuyenda pang'ono pa malo osalala, dotolo atabvomereza, kumawasungira mphamvu yodzisambitsa ndi kudzibveka okha, chimene kwa munthu wamkulu si chinthu chaching'ono.

KODI KUMATALIKITSA MOYO?

Mu 2005 Michelle Holmes wa ku Harvard ndi anzake adaulutsa zimene adaona pa anamwino 2,987 a ku America amene adadwala khansa ya m'mawere. Amene ankayenda maola 3 mpaka 5 pa sabata, ngozi yao ya kufa ndi nthendayo idali pafupifupi theka la ya amene sankayenda kwenikweni. Nkhaniyi iyenera kumvedwa mosamala, chifukwa mwina ena adayenda popeza adali kale amphamvu. Umboni wolimba koposa udabwera mu 2025 pa khansa ina, ya m'matumbo: odwala 889 adagawidwa mwa maere, ndipo patatha zaka 8, mwa amene adathandizidwa kulimbitsa thupi adali moyo 90 pa 100, mwa enawo 83. Zonsezi zikuloza kumodzi. Koma anthu onsewa adayamba achitidwa opaleshoni ndi kulandira mankhwala ao. Kuyenda sikusungunula chotupa, ndipo munthu wouza mai kuti asiye diripi kapena mapiritsi a tamoxifen, amene amamwedwa zaka 5 kapena kupitirira, n'kumangodalira masewera ndi zakudya, akumtsogolera ku manda.

KWA OYENDERA ODWALA

Aphunzitsi a mpingo ndi amai a m'miphakati ndiwo amalowa m'nyumba za odwala kawirikawiri koposa dotolo aliyense. Mwambo wa kuzonda matenda ndi wakuti alendo amakhala pansi mozungulira mphasa, wodwala ali gone. Palibe choletsa kuti mlendo, atatha malonje, anene kuti: "Amai, tiyeni mutiperekeze mpaka pa mtengo wa mango uwo." Kuperekeza mlendo ndi ulemu umene palibe mai amaukana, ndipo lero ndi pa mango, sabata yamawa ndi pa mjigo.

Nthawi zambiri chomanga mai m'nyumba ndi manyazi koposa kufooka. Tsitsi lathothoka, chifuwa chaphwa mbali imodzi, ndipo pa dooko pali maso ndi pakamwa. Duku limabisa mutu, kansalu kofewa kosokedwa bwino kamadzaza malo a bere, koma chimene chimamtulutsa msanga ndi mwamuna wake kapena mnzake woyenda pambali pake poyera. Abale ogawana nchito asankhe bwino zomulanda. Ndowa, nkhuni ndi mtolo wa chinangwa atenge iwo. Kusankha nyemba, kuyanika usipa pa thandala, kusamba ndi kumanga duku ndi mkono wa bala womwewo amsiyire mwini wake.

Amene adzaperekeze wodwala ku chipatala ulendo wotsatira afunse dotolo mafunso atatu, napemphe kuti mayankho alembedwe m'kabuku: kodi anabere a m'khwapa adachotsedwa angati, kodi mafupa adapimidwa ndipo ali bwino, ndiponso ndi tsiku liti mkono ungayambe kukwera kupitirira phewa. Ngati pa chipatalapo pali dotolo wa mafizo, apemphe kuonana naye asanakwere galimoto yobwerera ku Chiweta.